Mutu 18: Henry Nxumalo, Mtolankhani ndi Msilikali

Tsiku lililonse anthu amafuna kumva zimene zikuchitika m'dziko mwawo ndi kunja komwe. Pamsika wa Nsungwi mumzinda wa Lilongwe, ogulitsa malonda ena amatchera khutu ku wailesi, ena amawerenga nyuzipepa, ndipo ena amaona nkhani pa lamya zawo za m'manja. Nkhani zonsezi zimachita kufufuzidwa. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda, kufunsa, kuona ndi kulemba. Anthu amenewa ndiwo atolankhani.

Mmodzi mwa atolankhani otchuka mu Africa anali Henry Nxumalo wa ku South Africa. Iyeyu anayamba kulemba nkhani ali mnyamata, kenaka anasiya cholembera napita ku nkhondo. Atabwerako anatolanso cholembera chija ndi kuyamba kumenyera ufulu wa anthu osauka. Ena mwa anthu amene iye anawalankhulira anali ochokera ku Malawi.

UBWANA WAKE

Henry Nxumalo anabadwa m'chaka cha 1917 kufupi ndi tauni ya Port Shepstone, m'chigawo cha Natal, chimene masiku ano chimatchedwa KwaZulu-Natal. Makolo a Angoni a ku Malawi anachokera cha kummwera komweko. Henry anaphunzira pasukulu ya mishoni ya Fascadale, ndipo ali pomwepo anayamba kukonda kuwerenga ndi kulemba.

Atachoka pasukulupo anapita ku Durban kukafuna ntchito. Ntchito imene anaipeza inali ya m'khitchini. Patapita nthawi analowera ku Johannesburg, mzinda wa migodi ya golide, umene Amalawi ambiri amautcha Joni. Ngakhale ankagwira ntchito zolemetsa, sanataye cholembera. Akaweruka ankalemba ndakatulo ndi kuzitumiza ku nyuzipepa ya Bantu World.

Nyuzipepa imeneyi inayamba kutuluka m'chaka cha 1932. Eni ake anali Azungu, koma inkalembedwera anthu akuda, m'Chingerezi ndi m'zinenero zina za m'dzikomo. Akuluakulu a nyuzipepayo anamulemba Henry ntchito ya umesenjala. Iye sanainyoze ntchitoyo. Ankapereka makalata uku akuonetsetsa m'mene anzake ankalembera nkhani. Patangopita zaka zochepa anakhala mkonzi wa nkhani za masewera. Akuluakulu amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Masiku amenewo dziko la South Africa linali m'manja mwa Azungu. Anthu akuda anali ambiri kuposa Azungu, koma lamulo la m'chaka cha 1913 linawaletsa kugula malo m'madera ambiri a dziko lawo lomwe. Mwamuna wakuda ankayenera kuyenda ndi chiphaso chotchedwa pasi. Akapezeka m'tauni wopanda pasi ankamangidwa. Zonsezi Henry ankaziona tsiku ndi tsiku m'misewu ya Johannesburg.

KU NKHONDO

Pa 1 Seputembala 1939 asilikali a dziko la Germany, motsogoleredwa ndi Adolf Hitler, analowa m'dziko la Poland. Apa ndi pamene panayambira Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Pa 6 Seputembala dziko la South Africa linalowa nawo nkhondoyo kumbali ya Britain. Pa nthawiyi Henry anali ndi zaka pafupifupi 22. Anali ndi ntchito yabwino imene anyamata ambiri ankaisirira, komabe anaisiya nakalembetsa usilikali.

Asilikali akuda a dzikolo ankaikidwa m'gulu lawolawo lotchedwa Native Military Corps. Amuna oposa 70,000 analowa gulu limeneli. Chodabwitsa n'chakuti boma silinkawalola kunyamula mfuti, chifukwa linkaopa kuti tsiku lina adzazilozetsa kwa Azungu. Olondera misasa ankapatsidwa mikondo ndi zibonga. Ena ankayendetsa magalimoto, kuphika, kukumba maenje obisalamo, kulemba m'maofesi ndi kunyamula ovulala pamachira. Malipiro awo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a asilikali achizungu.

Asilikali a ku Nyasaland, dzina lakale la Malawi, anamenya nawonso nkhondo imeneyi. Iwo anali m'gulu la King's African Rifles, ndipo ankanyamula mfuti. Anakamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ku Zomba kuli chipilala chachitali chokumbukira asilikali a gulu limeneli.

Henry anatumizidwa ku Egypt, kumpoto kwa Africa, ndipo anakwezedwa kukhala sajeni. Nkhondo ya kumeneko inkamenyedwa m'chipululu. Masana kunkatentha koopsa, usiku kunkazizira, ndipo madzi ankachita kuyeza. Mchenga unkalowa m'maso, m'zakudya ndi m'mainjini a magalimoto. Asilikali a Germany ndi Italy ankafuna kulanda ngalande ya Suez, imene sitima zapamadzi zimadutsamo pochokera ku Ulaya kupita ku Asia. Mu Juni 1942 analanda doko la Tobruk m'dziko la Libya, nagwira asilikali a South Africa oposa 10,000. Koma mu Okutobala ndi Novembala chaka chomwecho anagonjetsedwa pamalo otchedwa El Alamein.

Ngakhale analibe mfuti, asilikali akuda anaonetsa kulimba mtima. Job Maseko anali mmodzi mwa ogwidwa ku Tobruk, ndipo adani ankamugwiritsa ntchito yotsitsa katundu m'sitima. Iye anapanga bomba m'kachitini, nalibisa m'sitima ya adaniwo, ndipo sitimayo inaphulika. Lucas Majozi anali wonyamula ovulala ku El Alamein. Zipolopolo zinamulasa, koma anapitiriza kunyamula anzake usiku wonse kufikira atakomoka. Amuna awiriwa analandira mendulo za ulemu.

Bomba likagwa m'chipululumo silinkasankha khungu. Woyera ndi wakuda ankamva ludzu limodzi, ndipo magazi awo anali ofanana. Nkhondo inamuyendetsanso Henry m'maiko ena, mpaka anafika ku London. Kumeneko anaona kuti si kulikonse kumene munthu wakuda amafunsidwa pasi.

KUBWERERA KWAWO

Nkhondo inatha m'chaka cha 1945. Asilikali akuda anabwerera kwawo ali ndi chiyembekezo chakuti zinthu zisintha, popeza anali atauzidwa kuti akumenyera ufulu wa anthu onse. Koma ambiri a iwo anangolandira suti ya khaki ndi ndalama zochepa, pamene anzawo achizungu anathandizidwa kupeza nyumba, malo ndi maphunziro. Pasi ija inali ikuwadikirabe. M'chaka cha 1948 chipani cha National Party chinatenga boma ndi kukhwimitsa malamulo a tsankho otchedwa apartheid. Sukulu, zipatala, mabasi, ngakhale mipando ya m'mapaki, zonse zinagawidwa potsata khungu.

Henry anabwerera ku ntchito yake ya utolankhani. Ankatumizanso nkhani ku Pittsburgh Courier, nyuzipepa ya anthu akuda a ku America. Koma nyuzipepa za kwawo zinkaopa kusindikiza nkhani zodzudzula boma ndi anthu olemera. Mwayi unapezeka m'chaka cha 1951 pamene inayamba magazini yotchedwa Drum, dzina lotanthauza ng'oma. Mwini wake anali Jim Bailey ndipo mkonzi wake anadzakhala Anthony Sampson. Henry anali mmodzi mwa atolankhani oyamba a magaziniyi.

MINDA YA KU BETHAL

Kummawa kwa Johannesburg kuli dera lotchedwa Bethal, kumene Azungu anali ndi minda ikuluikulu ya chimanga ndi mbatata ya kachewere. Anthu a m'deralo ankaidziwa nkhanza ya m'mindamo, kotero ankakana kugwiramo ntchito. Eni minda ankadalira akaidi ndi alendo ochokera kutali. Ambiri mwa alendowa anali a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia.

Zaka zimenezo amuna ambiri a ku Nyasaland ankapita ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, zovala ndi zofunika zina za pabanja. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Wenela kupita ku migodi. Ena ankapita paokha, ulendo umene unkatchedwa wa selufu. A selufuwa ndiwo kawirikawiri ankagwa m'manja mwa anthu olemba antchito a m'minda, amene ankawalonjeza ntchito yabwino. Mpaka lero ku Nsungwi, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo kuli mabanja amene amakumbukira agogo awo opita ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, koma ena anachona.

Mbiri ya nkhanza za ku Bethal inali itamvekapo kale. M'chaka cha 1947 mbusa wina, Michael Scott, ndi mtolankhani wina, Ruth First, anapitako mothandizidwa ndi mtsogoleri wa antchito a m'minda, Gert Sibande, ndipo anaulula zimene anaona. Eni minda anakana, ndipo nkhanzazo zinapitirira.

Henry sanafune kulemba zongomva. Anavala nsanza, nadzisandutsa munthu wofuna ntchito. Anaona m'mene anthu osadziwa kuwerenga ankalowera pangano la miyezi yambiri pongokhudza pensulo, osauzidwa bwino zimene zalembedwa papepala. Ku Bethal anapeza antchito atavala ziguduli zobooledwa potulukira mutu ndi manja. Ankakumba mbatata ndi zala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Usiku ankawatsekera m'nyumba zokhala ngati ndende kuti asathawe. Mnzake wojambula zithunzi, Jürgen Schadeberg, anajambula zina mwa zimenezi.

Nkhaniyo inatuluka mu Malichi 1952. Pofuna kumuteteza, magaziniyo sinalembe dzina lake lenileni, koma inamutcha Mr Drum, ndiko kuti Bambo Ng'oma. Anthu anaigula magaziniyo molimbirana, ndipo nkhaniyo inakambidwa mpaka m'nyumba ya malamulo. Tsopano kunali kovuta kukana, chifukwa wolembayo anali ataona ndi maso ake. M'chaka cha 1959 chipani cha African National Congress chinapempha anthu kuti aleke kugula mbatata ya kachewere pofuna kukakamiza eni minda kusiya nkhanza. Anthu anamvera, ndipo mbatata inaunjikana m'misika yopanda woigula.

M'NDENDE

M'chaka cha 1954 Henry anafuna kudziwa m'mene akaidi akuda ankakhalira. Njira yake inali imodzi yokha, ndiyo kumangidwa. Anayenda dala usiku m'tauni wopanda pasi ya usiku. Apolisi anamugwira, ndipo khoti linamulamula kukhala masiku 5 m'ndende ya Number Four ku Johannesburg.

M'ndendemo anapeza akaidi atapanikizana m'zipinda zauve. Alonda ankawamenya popanda chifukwa, ndipo chakudya chinali choipa. Akaidi akabwera kuntchito ankawavula zovala zonse ndi kuwalumphitsa pabwalo powafufuza ngati abisa kanthu. Wojambula wina wachinyamata, Bob Gosani, anakwera pamwamba pa nyumba ina yoyandikana ndi ndendeyo najambula zimenezi mobisa. Nkhaniyo ndi zithunzi zake zitatuluka, akuluakulu a ndende anasowa pogwira.

Chaka chotsatira Henry anakalowanso ntchito pamunda wina kufupi ndi Rustenburg, pamene wantchito wina anafa chifukwa chomenyedwa. Atagwirapo masiku angapo anathawa, nakalemba zonse zimene anaona. Magazini ya Drum inatchuka mpaka ku Ghana, ku Nigeria ndi ku Kenya. Alembi ena aluso monga Can Themba, Todd Matshikiza ndi Es'kia Mphahlele anagwira naye ntchito pamagaziniyi.

IMFA YAKE

Ntchito yotere inamupezera Henry adani ambiri. Chakumapeto kwa chaka cha 1956 iye ankafufuza nkhani ya dokotala wina amene ankaganiziridwa kuti akuchita ntchito zoletsedwa ndi lamulo. Usiku wolowera chaka cha 1957 anthu achiwembu anamubaya ndi mipeni ku Johannesburg, ndipo anafa ali ndi zaka 39. Palibe munthu amene analangidwa chifukwa cha imfa yake.

Ulamuliro wa tsankho unatha m'chaka cha 1994 pamene anthu a mitundu yonse anaponya voti ndi kusankha Nelson Mandela kukhala mtsogoleri wa dziko la South Africa. Ndende ya Number Four inasanduka malo osungirako mbiri yakale, ndipo pambali pake anamangapo khoti lalikulu loteteza malamulo a dzikolo. Msewu wina ku Newtown mumzinda wa Johannesburg unapatsidwa dzina la Henry Nxumalo. M'chaka cha 2004 kunatuluka kanema wotchedwa Drum wofotokoza za moyo wake, ndipo m'chaka cha 2005 boma linamulemekeza ndi mendulo ya Order of Ikhamanga.

Henry Nxumalo anapita ku nkhondo wopanda mfuti, ndipo anabwerako ndi mtima wosaopa. Iye sanali wantchito wa m'minda kapena mkaidi, koma anavala chiguduli ndi kugona m'ndende kuti anthu opanda powalankhulira amveke. Sanafunse ngati wozunzikayo ndi Mzulu, Mchewa kapena Mtonga. Ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtolankhani wabwino amayamba wafika pamalo, kuona ndi kufunsa mbali zonse, kenaka ndi kulemba zoona zokhazokha.

MATANTHAUZO A MAWU

mtolankhani: munthu wofufuza ndi kulemba nkhani za m'nyuzipepa, pawailesi kapena pakanema

mkonzi: munthu woyang'anira ndi kukonza nkhani zisanasindikizidwe

chipululu: dera louma la mchenga kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo

ngalande: njira ya madzi yochita kukumba

doko: malo amene sitima zapamadzi zimaima

machira: chonyamulira munthu wodwala kapena wovulala

tsankho: kukondera anthu ena ndi kunyoza ena chifukwa cha khungu kapena mtundu

kuchona: kukhalitsa kudziko la eni osabwereranso kwanu

chiwembu: upo wofuna kuchita munthu choipa mobisa

MAFUNSO

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Kodi Henry Nxumalo anabadwa liti, ndipo anabadwira kuti?
2. Tchulani ntchito ziwiri zimene anagwira asanakhale mkonzi wa nkhani za masewera.
3. N'chifukwa chiyani boma la South Africa silinkalola asilikali akuda kunyamula mfuti?
4. Tchulani maiko atatu kumene asilikali a ku Nyasaland anakamenya nkhondo.
5. Kodi Job Maseko ndi Lucas Majozi anaonetsa bwanji kulimba mtima?
6. N'chiyani chinakhumudwitsa asilikali akuda atabwerera kwawo?
7. Fotokozani kusiyana kwa ulendo wa Wenela ndi ulendo wa selufu.
8. N'chifukwa chiyani Henry anadzisandutsa munthu wofuna ntchito m'malo mongofunsa anthu ena?
9. Kodi anachita chiyani kuti alowe m'ndende ya Number Four?
10. Mukuganiza kuti ndi pati pamene Henry anaonetsa kulimba mtima kwambiri, ku Egypt kapena ku Bethal? Perekani zifukwa.

MIYAMBI

Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo fotokozani m'mene ikugwirizanira ndi nkhani mwawerengayi.

1. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.
2. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.
3. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

GALAMALA

A. Lembani ziganizo izi m'makope mwanu ndipo tsekani mzere kunsi kwa aneni.

1. Henry analemba ndakatulo.
2. Asilikali anakumba maenje m'chipululu.
3. Kapitawo ananyamula chikoti.
4. Anthu anagula magazini molimbirana.
5. Apolisi anamugwira usiku.

B. Perekani kuchuluka kwa mayina awa: msilikali, chipolopolo, doko, munda, mkaidi, chiguduli, mkondo, bomba.

C. Perekani mawu otsutsana ndi awa: kutentha, kumanga, masana, wolemera, nkhanza, zoona.

NTCHITO YA PAGULU

Pezani pamapu a Africa malo awa: Johannesburg, Durban, Egypt, Libya, Ethiopia, Madagascar ndi ngalande ya Suez. Kambiranani njira imene munthu wochokera ku Lilongwe angadzere popita ku Johannesburg, ndipo tchulani maiko amene angadutsemo.

CHIMANGIRIZO

Yerekezani kuti ndinu mtolankhani. Mukapite ndi munthu wamkulu pamsika wa Nsungwi kapena pamsika uliwonse wa kufupi ndi kwanu. Mukapemphe mwaulemu kucheza ndi wogulitsa malonda mmodzi, ndipo mukamufunse za ntchito yake ndi mavuto amene amakumana nawo. Lembani ndime zitatu pa mutu wakuti "Zimene Ndinaona Pamsika". Lembani zokhazo zimene mwaona ndi kumva nokha.

LEMBETSO

Konzekerani lembetso kuchokera m'ndime yoyamba ndi mawu akuti "Bomba likagwa m'chipululumo" kulekezera pa mawu akuti "amafunsidwa pasi".